Tsiku limene amuna anga anaba jekete pa benchi langa

Zaka zija chipani chimodzi chitangosiya kulamulira, malonda anamasuka, ndipo tonse pa Lundazi tinasanduka abizinesi. Ine ndinkagulitsa salaula pamsika wa paboma, zovala zovalidwa kale zija zobwera m'mabelo kuchokera ku Chipata. Amuna anga anali telala, makina awo ali pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika. Katundu atachuluka, akuba nawonso anachuluka. Ukangowerama kuti utole chipewa chagwa pansi, podzuka upeza shati yapita. Ndinkalusa ine, mpaka kulephera kudya.

Apolisi anali ochepa, galimoto imodzi dera lonse mpaka ku Lukusuzi uko. Ndiye tsiku lina sajeni wawo, bambo wamtali wosaseka wamba, anatiitana tonse amalonda pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, tisamangodandaula, tigwirane nawo manja. Tinagwirizana zitatu. Eni masitolo agulire apolisi njinga ziwiri. Benchi lililonse likhale ndi wezulo, monga wa oimbira mpira uja. Ndipo wakuba akagwidwa, asamenyedwe: tigwirane mikono, timuzungulire ngati mpanda, mpaka apolisi afike.

Pa chachitatucho amayi tinaseka mpaka misozi. Mnzanga wogulitsa kapenta, mayi wathupi wa mawu ngati ng'oma, anafunsa kuti, "Bwana, wakubayo tizimufunditsanso chitenje kuti asamve mphepo?" Sajeni sanaseke. Anangoti, "Amayi, mudzachita zimene ndanenazi."

Mawezulo atabwera, ayi ndithu, msika unapenga! Tinawamangirira m'khosi ndi tizingwe, tikuyenda monyada ngati tapatsidwa mendulo. Mbuzi ikanunkhiza tomato, wezulo. Mwana akasochera, wezulo. Wina anaimbira mwamuna wake atamuona akuseka ndi mtsikana wogulitsa zitumbuwa. Apolisi anatopa kupalasira njinga zachabechabe, choncho sajeni anati tichite zoyeserera, munthu mmodzi akhale ngati wakuba, tonse tione mmene ntchitoyo iyenera kuyendera.

Atafunsa kuti adzipereke ndani, mkono woyamba kukwera unali wa amuna anga. Anthu inu, bambo ameneyu! Ankasewera mpira chakumphepete m'timu ya paboma, ndipo ankadzitama kuti pa Lundazi palibe mwendo womupeza. Anati akaba pa benchi langa lomwe, kuti nkhani ikome. Ine ndinavomera mosangalala, ndinawauzanso kuti ndikawagwira ndekha adzachapa mbale sabata yonse.

Tinasankha Loweruka m'mawa, nyengo yozizira anthu atakolola. A komiti yathu ya amalonda anayenda benchi ndi benchi, sitolo ndi sitolo, kuuza aliyense. Amuna anga atenge jekete, adutse pakati pa msika, atulukire kokwerera maminibasi, kumene apolisi azikadikira ndi njinga zawo. Zonse zinali m'malo mwake. Koma palibe mmodzi wa ife anakumbukira kuti Loweruka la nthawi yokolola msika si wathu tokha. Kumabwera alimi a ku Chikomeni ndi midzi ina, ndi ngolo zawo ndi matumba a mtedza panjinga. Iwowo sanauzidwe kanthu.

Dzuwa litakwera pang'ono, ine wezulo ndamugwira kale m'manja. Amayi a tomato akungondiyang'ana n'kumatsinzinirana. Kenaka pa benchi langa panaima munthu wovala ovolosi yong'ambika, chipewa chachikulu chofika m'maso, nkhope yopakidwa makala. Ndinati ndimuthamangitse, ndinaona nsapato. Amuna anga! Anali atadzikonza okha osandiuza, moti ngakhale ine mkazi wawo ndinatsala pang'ono kuwaphonya. Anagwiragwira malaya ngati wogula, ananditsinzinira diso, kenaka tsomphu jekete yofiira, liwiro la mtondo wadooka.

Ndinaimba wezulo mpaka makutu anga kulira. "Wakuba! Wakuba uyo!" Benchi loyandikana linalandira, lina linalandira, msika wonse unangoti pyee pyee mbali zonse. Kukoma kwake! Amayi akulumpha madengu, anyamata a mabutchala akutuluka ndi maepuloni awo, aliyense akuthamanga uku akuseka. Ine chitenje ndamangira m'chiuno, ndikukuwa kuti, "Mugwireni, ndi wanga ameneyo!" Amuna anga akuzemba uku ndi uku ngati ali ndi mpira kuphazi, jekete ikuuluka m'mwamba. Ndinanyadira, ndisaname. Ndinati m'mtima, onani mwamuna amene ndinasankha.

Pafupi ndi potulukira, ngolo ya ng'ombe inali itatseka njira. Iwo osafuna kugwidwa msanga anakhotera kumanzere, kumene alimi ankayezetsa mtedza wawo. Ndinamva mawu ena achilendo, okuwa m'Chitumbuka, opanda kuseka m'kati mwake: "Munkhungu! Munkhungu!" Ndiye kuti wakuba. Wina anaponya njinga kutsogolo kwawo. Ndinaona jekete yofiira ikugwa, fumbi linati koboo, ndipo anthu anaunjikana pamenepo.

Kuseka kunandithera pakamwa. Ndinaona ndodo yokusira ng'ombe ikukwera ndi kutsika. Ndinaona wina akutola njerwa. Mayo ine! Sindidziwa mmene ndinadutsira, ndimangokumbukira ndikukankha misana ya amuna akuluakulu, wina ndinamuluma pamkono. Amuna anga anali pansi atadzipinda, manja awo osokera atawabisa m'khwapa, magazi akutuluka pamwamba pa diso. Ndinadzigwetsa pamwamba pawo. Ndodo imodzi inanditera pamsana, ndinamva moto mpaka m'mano.

"Ndi amuna anga! Ndi masewera!" Ndani akanandimva? Mawezulo anali akulirabe msika wonse, chifukwa a kumbuyo sankadziwa kuti zinthu zatembenuka. Ndipo kwa mlendo, mkazi woteteza wakuba ndi mnzake wa wakubayo basi. Ndinamva wina akuti nanenso andimenye.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wa kapenta uja. Anafika akupuma mwabefu, anaima chotangadza pamutu pathu, n'kukuwa ndi mawu ake onse: "Mpanda! Amayi, mpanda!" Anakola mkono wa mayi wa tomato, uyo anakola wa mnzake, wa butchala analowapo, mwini sitolo ya nsalu analowapo ndi tayi yake. Ndili pansipo ndinkangoona miyendo ndi zitenje zikutizungulira, zikukankhidwa, zikubwerera, koma osaduka. Mayi wa kapenta uja anatembenukira alimiwo m'chinenero chawo: "Lekani, adada! Ni seŵero waka! Uyu ni telala withu!" Kuwauza kuti ndi sewero chabe, munthuyo ndi telala wathu. Njerwa ija inamugunda paphewa, koma mkono sanamasule.

Kenaka mabelu a njinga, ngili ngili, apolisi atulukira, sajeni akuthamanga wapansi pambuyo pawo. Anthu anapatuka. Sajeni anagwada, anachotsa chipewa chija pamutu pa amuna anga, anawapukuta makala ndi mpango wake kuti onse aone nkhope. Mlimi wina wachikulire, mwini ndodo ija, anayang'anitsitsa n'kugwira pakamwa. Anati telala ameneyu ndi amene anamusokera yunifolomu ya mwana wake. Anati njinga yake inabedwa pamsika pomwepa mwezi wapitawo, anabwerera kumudzi wapansi, ndiye atamva kuti wakuba, mutu unangoima. Anakhala pansi m'fumbi momwemo, osatha kutiyang'ana.

Amuna anga anadzuka okha, akutsimphina. Msika wonse unaomba m'manja, amayi nthungululu, ena akulira, ena ayambanso kuseka. Iwo, pokhala iwo, anakweza mkono ngati agoletsa chigoli, n'kunena kuti, "Mwaona? Pakanapanda njinga ija simukanandigwira!" Sajeni anauza gulu lonse kuti mpanda umenewu ndi umene ankanena, ndipo kuyambira tsikulo a komiti ankayendera ngolo iliyonse yolowa pamsika kufotokozera alendo za mawezulo. Ine ndinawakalipira amuna anga njira yonse ya kuchipatala. Makala aja anawatuma ndani? Anasokedwa pamwamba pa diso, telala kusokedwa ndi anzake, ndipo anamwino anaseka nafe.

Masana tili kunyumba ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinayamba kuwathowa msana. Unali mizeremizere, wotupa. Ana ndinawatumiza kwa anansi. Nthabwala zonse zija zinali zitawathera, anangokhala pampando atazolika, akutambasula zala zawo chimodzichimodzi kuona ngati zikupindika bwino. Ndinawafunsa ngati ndikuwapweteka. Anapukusa mutu.

Patapita nthawi anati, "Amake mwana, ukudziwa? Ndili pansi paja ndinakuwa kuti ndine telala. Ndinatchula dzina langa, ndinatchula ndi la bambo anga." Anatembenuka kundiyang'ana. "Pa anthu onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti ndaba chiyani."