Mzere Umene Sindinalembe Ine

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo pa Nsanje boma. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Koma dzanja langa limalemba zooneka, ndipo sindilemba chimene sindinamve.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anali mphunzitsi. Atapuma ntchito anatenga chiphaso cha wailesi yolankhulira ndi anthu akutali kudzera pa setilaiti. Eriyo ya wailesiyo ndinawapangira ine, ya timapaipi. Kenako anandipatsa buku. Iwo azilankhula, ine ndizilemba.

Setilaitiyo sidikira munthu. Imatulukira kummwera, n'kukalowa kumpoto, mphindi khumi basi. M'mphindi zimenezo utchule dzina lako la pawailesi, mnzako atchule lake, muuzane malo amene muli. Malowo amatchulidwa m'zilembo ndi manambala. Pomaliza aliyense avomere kuti wamva. Akavomera, ndimalemba tsiku, nthawi ndi dzina. Pambuyo pake mumatumizirana khadi papositi, ndipo mabuku anu akagwirizana ndiye kuti munalankhulanadi. Akapanda kuvomera, palibe cholemba.

Zaka zitatu bukulo linalibe bodza. Anzawo a wailesi ankalikhulupirira, ndipo ankadziwa kuti wolemba ndine.

Alamu ankafunitsitsa khadi la munthu wina wa pakachilumba ka m'nyanja yamchere, kupitirira Madagascar. Munthuyo samveka kawirikawiri. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinaima kuseri kwa nyumba yawo, alamu ataloza eriyo kumwamba. Mawu a munthuyo anamveka. Anatchula dzina la alamu bwinobwino. Chinatsala n'chakuti alamu atchule malo, iye avomere.

Alamu anayamba ndi moni, m'Chingerezi chawo cha m'kalasi. Muli bwanji kumeneko? Nanga mayi ndi ana? Mvula yayamba? Kuno ndiye tapsa.

"Alamu, malo! Tchulani malo!" ndinatero.

"Dikirani inu," anatero atatseka wailesi ndi dzanja. "Munthu sungamuyambe ndi manambala ngati ng'ombe ya pamsika wa Bangula."

Pamene ankatchula malowo, m'wailesi munali phokoso lokhalokha. Setilaiti inali italowa.

"Lembani," anatero.

"Sanavomere."

"Wandimva. Inunso mwamumva akunditchula."

"Kutchula si kuvomera."

"Za wailesi mwazidziwira kuti, a Sitandade 6?"

Ndinatseka buku, n'kubwerera kuntchito.

M'mawa mwake ndinapeza mzere watsopano m'bukumo. Cholembera changa chomwe. Alamu anayesa kutengera kalembedwe kanga, mpaka 7 wanga wodula pakati. Bola akanalemba ndi dzanja lawolawo.

Mlongo wanga anati ndiwasiye, ndi munthu wamkulu, ndikawayamba, shuga wawo akwera. Mzerewo ndinausiya momwemo. Chimenecho chimandinyansa mpaka lero. Khadi la alamu linapita kwa munthu wa pachilumba uja.

Panatha miyezi inayi. Khadi lomwelo linabwerera, kumbuyo kwake munthu uja atalembako mawu ochepa: simuli m'buku langa. Alamu analibisa m'Baibulo. Mlongo wanga ndiye anandionetsa.

Sabata yomweyo ndinali kuwaikira zitsulo pawindo la pabalaza. Iwo anali mkati, akuyankhula pafoni ndi mnzawo wa wailesi wa ku Blantyre za khadi lija. Sanadziwe kuti ndili panjapo.

"Ndi wolemba wanga uja, achimwene. Sukulu yochepa. Amangolemba chilichonse chimene chalira m'khutu."

Ndinaika pansi nyundo. Ndinalowa osaodira, manja ali bii. Ndinatenga buku pashelefu, ndinatenga rula, ndinadula mzerewo pamaso pawo. Pambali ndinalemba kuti: Sanavomere. Mzerewu sindinalembe ine.

"Mwandiipitsira buku!"

"Linaipa mu Okutobala."

"Anthu akaliona adzati chiyani?"

"Adzawerenga. Foni ili m'manja mwanu. Muuzeni mnzanuyo amene analemba."

Anayang'ana foniyo. Anayang'ana ine. Kenako anaiika m'thumba la malaya, nati panja pakutentha, mlongo wanga andipatse madzi akumwa.

Ndinasiya cholembera pamwamba pa buku. Windo ndinalimaliza tsiku lomwelo, chifukwa ntchito sindisiya pakati.

Eriyo ikathyoka ndimawakonzerabe, ndi alamu anga. Pamaliro timakhala mphasa imodzi. Kawiri konse anditumizira mlongo wanga kuti ndikayambirenso kulemba, ati maso awo sakuona bwino mizere. Yankho langa ndi lomwelo: ayambe aimba foni ija. Sanaimbe. Bukulo sindinaligwirenso.