Kalongonda wa a Namaona

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sindinagone kwenikweni, ndinangotsamira khoma la pakhonde, bulangete kumiyendo, pamodzi ndi amuna anzanga amene tinachezera nawo pa siwa. Moto umene tinasonkha madzulo unali utasanduka phulusa. M'nyumba amayi ankaimbabe, koma motsitsa, mawu atasasa. Chiperoni chinali chitatsika, moti minda ya tiyi ya kutsidya kwa mtsinje sinkaoneka. Linali Lachisanu.

Amene anagona m'nyumbamo anali apongozi anga, a Namaona, bambo a malemu mkazi wanga.

A Namaona sanali mbadwa ya kuno. Anachokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, ali mnyamata, pothawa ntchito yokakamiza ya nthawi ya Apwitikizi. Anafika wapansi, opanda nsapato, osadziwa munthu. Ku esiteti anayamba ndi kupalira, kenako kuthyola tiyi dengu lili kumsana, ndipo atakula anawalowetsa mufakitale. Ankagona kukomboni, chipinda chimodzi ndi amuna ena, ndipo anzawo ankawaseka chifukwa cha Chinyanja chawo chopindika. Anakwatira kuno ku Makwasa, nakhala mkamwini. Njerwa za nyumba imene tinkaliramoyo anaumba okha akaweruka kuntchito. Malata ankagula limodzilimodzi n'kumasunga kuseri kwa chitseko mpaka anakwana. Ana awo onse anawaphunzitsa sukulu. Za kwawo sankakamba. Chokhacho chimene chinkawakumbutsa kumene anachokera chinali kalongonda wa kuseri kwa nyumba, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lathunthu n'kumataya madzi. Ankadzala chaka ndi chaka, mbewu ankasunga m'chigubu, ndipo ya kumsika ankaikana.

Mkazi wanga atamwalira, mwambo unali woti ndisudzulidwe, ndibwerere kwathu ku Goliati. A Namaona ndi amene anakana. "Mupita kuti?" anatero. "Ine wobwera, inu wobwera. Tikhale." Ndinakhala, ndipo ndine amene ndinawasamalira miyendo itasiya kuwamvera.

M'mawa umenewo mtima wanga sunali pamalo. Zaka zingapo zapitazo, wamalonda wina wodutsa malire ndi chimanga panjinga anawauza a Namaona kuti mlongo wawo wamng'ono akadali moyo kufupi ndi Milanje. Anayankhulana pafoni kangapo, koma sanaonane. Titatumiza uthenga wa zovuta, mwana wa mayiwo anayankha kuti mayi anyamuka, bokosi lisakhomedwe, ndipo akufuna mlongo wawo akagone kwawo pafupi ndi amene anawabereka. Kwathu kuno bokosi silikhomedwa mbale wake weniweni wa malemu asanaone nkhope. Mukatero mwamubisira maliro, ndipo umenewo ndi mlandu wosatha. Komanso ife ndife osunga Sabata, dzuwa la Lachisanu likalowa sitigwira khasu, ndipo thupi silikanatha kudikira Lamulungu. A Namaona anali atandiuza kuti akufuna kukagona pambali pa akazi awo ndi mwana wawo. Koma anauza ine, mkamwini, ndipo mawu a mkamwini salemera kuposa a mlongo.

Kutayera pang'ono, adzukulu okumba manda anafika ndi makasu ndi mafosholo. Adzukulu saopa maliro, ndipo pakamwa pawo palibe chitseko. Wamkulu wawo anandiima kutsogolo.

"Akamwini, tikumbe, kapena tidikire kaye pasipoti ya malemu?"

Ndinawauza kuti akumbe.

"Chabwino. Koma manda sagona opanda kanthu. Mukapanda kutipatsa munthu, tiikamo inuyo, poti ndinu amene mwalamula."

Amuna ena anaseka. Inenso ndinamwetulira, koma ndinkadziwa kuti pansi pa nthabwalayo pali choonadi.

Kuseri kwa khola amayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa. Utsi sunkakwera, unkangoyenda pansi n'kumalowa anthu m'maso. Atsikana ankatsika ndi kukwera kuchokera kumjigo, ndowa pamutu, mapazi ofiira ndi matope. Lole ya ku esiteti inabwera ndi nkhuni za bulugamu, ndipo pamwamba pake panali okalamba amene anagwira ntchito ndi malemu, ena atavala majombo, ena atafunda mapepala apulasitiki a kumunda. Mmodzi, wakhungu, anachita kumutsitsa. Anthu ankatulukira m'chifunga m'tinjira ta mu tiyi, amayi atasenza timabeseni ta ufa, amuna atapinda mathalauza. Pofika pakati pa m'mawa bwalo linali litadzaza, ena anakhala mpaka m'munda wa nthochi.

Mwana wanga Rute, amene ndi namwino kuchipatala cha mishoni, ndi amene ankaimba foni. Koyamba anamuuza kuti awoloka malire. Kachiwiri anati minibasi yawatsitsa panjira, akufunafuna njinga yamoto. Kachitatu foni sinalowe.

Mwambo wa mapemphero unayamba masana. Mkulu wa mpingo ankadziwa vuto lathu, ndipo anachita zimene akanatha. Kwaya iliyonse anaipatsa nyimbo zoonjezera. Wonena mbiri ya malemu sanamudule. Ulaliki unali wa Abrahamu, amene anatuluka m'dziko la kwawo osadziwa kumene akupita, ndipo mlaliki anaukoka mpaka mawu anamuthera. Mvula yowaza sinasiye. Anthu anayamba kuyang'ana kumsewu kuposa kwa mlaliki. Mmisiri wa bokosi anakhala pafupi ndi khomo, hamala pamiyendo, misomali m'thumba la shati.

Adzukulu anatumiza mawu kuti manda atha kale, ndipo madzi ayamba kulowa.

Pamenepo malume ake a mkazi wanga, eni mbumba, anandiitanira kuseri kwa khitchini. Ananena modekha kuti dzuwa silidikira mlendo, kuti tachita mbali yathu, ndipo mlandu ukabwera tidzaukamba. Sindinawaone olakwa. Iwo ankaganiza za Sabata ndi za anthu amene anachokera kutali. Koma ine ndinkaganiza za mayi wokalamba amene anali pamsewu m'matope, kudzaona nkhope imene anaiona komaliza ali kamtsikana. Ndinkadziwanso kuti akafika akhoza kutilanda thupilo. Ndinapempha kuti tidikire kufikira oweruka ku tiyi atayamba kutsika. Anavomera. Ndinatsala ndekha pamenepo ndipo ndinapemphera mwachidule. Sindinadziwe chopempha, ndinangoti, Ambuye, mukuona.

Njinga yamoto inamveka oweruka oyamba atatulukira kale pachitunda. Inatsitsa mwamuna wa msinkhu wanga ndi mayi wamfupi, woonda, chitenje chonse chili matope, nsapato zili m'manja. Sanalire panjira monga amachitira abale akamafika pa maliro. Anthu anawapatukira, ndipo analowa molunjika m'nyumba. Ndinalowa pambuyo pawo.

Anagwada pambali pa bokosi nayang'ana. Anayang'ana mpaka ena anayamba kutsokomola. Kenako anaika dzanja pachipumi cha malemu n'kuwaitana ndi dzina lina, la paubwana, limene ngakhale ana awo sankalidziwa. Atadzuka anayankhula ndi mwana wawo m'Chilomwe. Chilomwe ndimamva, ngakhale sindichiyankhula bwino. Anamuuza kuti afunse kumene kungapezeke galimoto yonyamula thupi kupita nalo kwawo.

Mmisiri anaika hamala pansi.

Eni mbumba anapempha kuti tikhale pansi tikambirane. Mayiwo anati sangakhale pamphasa ya anthu ndi mapazi otero, awapatse kaye madzi. Rute anawatsogolera kuseri kwa nyumba, ine ndinatsatira ndi ndowa.

Kuseriko kuli mtengo wa mapeyala, ndipo kalongonda wa chaka chino anali atayanga mpaka kunthambi, makoko ake atauma, akulendewera. Mayiwo anaima. Anathyola khoko limodzi, naliswa ndi chala, nayang'ana njere zili m'dzanja. Ndi zamawangamawanga, zosiyana ndi zimene amagulitsa ku Bvumbwe. Anazitembenuza kangapo. Kenako anakhala pansi m'matope momwemo, ndipo pamenepo ndi pamene analira. Amayi a m'nyumba atamva anayambanso, bwalo lonse linatsatira.

Kulira kutachepa anatifotokozera, Rute akumasulira ena amene anali atasonkhana. Tsiku limene mlongo wawo ankathawa, amayi awo analibe chomupatsa. Anangotapa mbewu ya kalongonda n'kumumangira pakona ya nsalu. Patapita zaka kunabwera nkhondo, mudzi unapsa, nkhokwe zinapsa, ndipo mtundu umenewu unatheratu kwawoko. Iwo ankayesa kuti sadzauonanso.

"Wadzala ndani uyu?" anafunsa.

"Agogo," anatero Rute. "Chaka chilichonse. Chaka chino samatha kuyenda, ndiye tinawaikira mpando pompano, ababa ndi amene amakumba, agogo n'kumaponya mbewu. Amawakalipira kuti mapando atalikirana."

Mayiwo anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba. Anayang'ananso nyumba, njerwa zake, malata ake, ndi zidzukulu za malemu zimene zinaima mondondozana pakhoma. Anafunsa kuti akazi a mlongo wawo anagona kuti. Ndinaloza kumanda.

"Mbewu ikamera saibwezera m'chigubu," anatero. "Kakhomeni."

Asanatseke, mayiwo anaika njere zingapo m'dzanja la malemu. Si mwambo wa mpingo wathu, koma mkulu wa mpingo anali akuyang'ana m'buku lake la nyimbo, ndipo sanadzutse mutu mpaka msomali woyamba utalira.

Ulendo wa kumanda unali wachangu. Anyamata ankalandirana bokosi akuyenda, njira ili yoterera, tiyi wodulira kumene ali mbali zonse ziwiri. Amayi ankaimba akupuma mwabefu. Okalamba a ku esiteti anatsalira m'mbuyo, wakhungu uja atagwira phewa la mnzake, koma anafika. Mlongo wa malemu anakana kunyamulidwa panjinga, anayenda yekha opanda nsapato, Rute atamugwira mkono.

Wamkulu wa adzukulu anatiyembekeza ali ndi fosholo, madzi atawakapa m'manda ndi chitini.

"Pasipoti yatuluka?" anandinong'oneza.

"Yatuluka."

"Mwapulumuka, akamwini. Tinali titayeza kale msinkhu wanu."

Tinawatsitsa a Namaona pakati pa akazi awo ndi mkazi wanga. Dothi loyamba anaponya ndi mlongo wawo. Zoyankhula zinadulidwa, nkhata zinaikidwa zonse pamodzi, ndipo adzukulu anakwirira mosinthana osapuma. Dzuwa sitinalione tsiku lonse, koma ife a kuno timadziwa kulowa kwake ngakhale m'chiperoni. Pamene ankatsuka makasu kumtsinje, kunali kudakali kuwala kokwanira kuzindikira nkhope ya mnzako.

Anthu ambiri sanabwererenso kunyumba, anangolunjika kwawo kuti Sabata liwapeze pakhomo. Pabwalo panatsala mafuwa akuda, njerwa zimene anthu anakhalira, ndi ambulera yothyoka imene wina anaiwala. Amayi ochepa anatsala m'chipinda. Tinatsekula Sabata ndi nyimbo imodzi yokha, poti mawu anali atatithera tonse.

Mpando wa a Namaona unali pamalo ake, pafupi ndi zenera, ndipo palibe anakhalapo. Mlongo wawo anakhala pamphasa, atafunda bulangete la malemu. Pakona ya chitenje chawo panali mfundo yaikulu ngati nkhonya ya mwana, ndipo dzanja lawo silinkachokapo. Anati njere za kalongonda zimene anamangamo akadzala pabwinja la amayi awo.

Patapita nthawi mayiwo anamufunsa Rute kuti mvula ikadzagwa, kuseri kuja adzadzala ndani.

Rute anandiyang'ana. Ndinayankha ndekha, m'Chilomwe changa chopindika, kuti ndilipo.

Mayiwo anagwedeza mutu movomereza. Madzi ankadontha kuchokera pamalata, ndipo chigubu cha mbewu chinali pamwamba pa khoma, pamene mwini wake anachisiya.