Bambo Kuwabara ndi Ubweya wa Taisho

Bambo Kuwabara anagwira ntchito pakampani ina ya inshuwalansi mumzinda wa Wakayama mpaka imvi mbuu, ndipo zaka zonsezo sanadziwe kuti ketulo imakhala pati m'nyumba mwawo. Mwana wawo Naoko anakula bambo ake osamugwirapo ngakhale m'mutu. Atapuma pantchito anasowa munthu womukalipira, ndiye tsiku lina anatulukira ndi mphaka m'kabasiketi.

Anali mphaka wa mtundu uja wa ubweya wopotana ngati wa nkhosa, ndi ndevu zomwe zopotana. Anamutcha Taisho.

"Iwe Teruko, tabwera udzaone," anaitana akazi awo. "Mumsewu wonse uno palibe ali ndi mphaka wotere."

"Wadwala kodi? Akuoneka ngati watuluka m'makina ochapira zovala."

"Umbuli basi. Amabadwa choncho."

Mayi amene anawagulitsa mphakayo anawalangiza bwinobwino. Azimupesa mopepuka ndi chipeso cha mano otalikirana, kamodzi kapena kawiri pasabata. Akamusambitsa azingofinya ubweyawo ndi zala n'kumusiya aume yekha, makina oumitsira tsitsi asamuyandikire. A Kuwabara anagwedeza mutu monga ankachitira pamisonkhano ya kuofesi, mawu akulowa khutu ili n'kutulukira linalo. Kwa iwo chinthu chodula chinkafunika kuchigwiragwira kuti anthu aone.

M'mawa uliwonse, mpunga ndi supu zikuzizira patebulo, ankamupana Taisho pakati pa mawondo n'kumukwecha ndi burashi ya waya. Loweruka kunali kusamba ndi sopo wonunkhira, kenako makina aja kumuuzira mpweya wotentha, mphaka akulira ngati akumupha. Ubweya unayamba kuwongoka, kenako unangoti nyankhalala ngati thonje lotuluka m'pilo yong'ambika. Ndevu zina zinathyoka.

"Bambo, mumumaliza mphakayu," anatero Naoko atabwera kudzacheza.

"Ukudziwa chiyani iwe? Unawetapo chiyani?"

"Ndalera ana awiri."

"Ana alibe ubweya."

Kutamveka za mpikisano wa amphaka ku Osaka, anavala suti yawo ya kuofesi n'kukwera sitima, atauza kale aneba onse kuti abwera ndi chikho. Woweruza anamunyamula Taisho, n'kumutembenuza uku ndi uku.

"Pepani bambo, akuti uyu ndi wa ubweya wopotana. Nanga kupotanako kuli pati?"

Anthu a ku Osaka sabisa kuseka. A Kuwabara anabwerera akudzudzula magetsi a muholo, chinyezi cha mumzinda, ndi woweruza amene ankati ndi mwana wa dzulodzulo. Atafika kunyumba anagamula kuti vuto linali kuchepa kwa khama, ndipo anayamba kumupesa m'mawa ndi madzulo.

Chimene chinamupulumutsa Taisho ndi sopo. Tsiku lina anapulumuka m'manja mwawo ali thovu lokhalokha, iwo pomuthamangira anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhala m'chipatala nyengo yonse yozizira, akulamula akazi awo pafoni.

"Ukumupesa?"

"Ee, bambo."

"Mwamphamvu?"

"Mwamphamvu ndithu," ankayankha Mayi Teruko akusenda nachesi, miyendo ili pansi pa bulangete lokuta tebulo lokhala ndi chotenthetsera kunsi kwake, mphaka ali gone pamapazi awo. Chipeso chija cha mano otalikirana anachipeza m'kabati chisanatsegulidwe n'komwe m'pepala lake. Ankamupesa nacho akakumbukira. Pang'onopang'ono ubweya unayambanso kupotana, kuyambira m'khosi mpaka kumchira.

A Kuwabara anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo. Atangomuona mphakayo ali pakhomo, anatuma akazi awo kukaitana neba wawo, Bambo Ishimaru.

"Mwaona, a Ishimaru? Khama langa lija ndi limeneli. Ubweya wa mtundu umenewu umachedwa kuyankha."

"Zoonadi, a Kuwabara," anatero nebayo akuyang'ana Mayi Teruko, amene anangopitiriza kuthira tiyi.

Mpaka lero Taisho akangomva ndodo ikugogoda pansi amakwera pamwamba pa kabati, pomwe chiuno chija sichingawafikitse. Alendo akafunsa, a Kuwabara amafotokoza kuti mphaka wa mtundu wapamwamba amadziwa ulemu, sakhala pafupi ndi mwini nyumba.