Ukwati wa kasupe ndi mkuyu

Anganga anga akandibwerera m'maganizo, nkhope yawo imafika mochedwa. Limayamba ndi fungo la utomoni wa paini umene unakanirira m'zitenje zawo moti ngakhale sopo wamtanda ankachita kuugonjera. Kenako ndimamva mtolo wa nkhuni ukugunda pansi kuseri kwa nyumba chakumasana, nkhuku zikubalalika, fumbi likukwera, iwo akuwongola khosi pang'onopang'ono dzanja lili m'chiuno, n'kunena kuti, "Malita, madzi." Moni ankabwera akamaliza kumwa.

Tinkakhala awiriwiri m'munsi mwa phiri la Zomba, mtunda wosatalika kuchokera ku Chirunga. Mayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, ndiye ondilera anali anganga. Iwo anachoka ku Mozambique ali kamtsikana, ndipo chifikireni ntchito yawo inali imodzi: kukwera phiri m'mamawa, kutsika ndi mtolo wotalika kuposa iwo eni, n'kukagulitsa m'nyumba za aphunzitsi a kuyunivesite ndi za ogwira ntchito m'boma. Njira zonse zozembera alonda a nkhalango ankazidziwa. Mlonda mmodzi yekha, aMatiki, ndiye ankawapezerera, ndipo anawalandapo zikwanje zitatu. Anganga akakumana nawo kumsika ankawapatsa moni wogwada, kenako akapitirira n'kutsonya.

Ntchito imeneyo inawadya khosi. Kuchipatala anawauza mosapsatira kuti akapitiriza kusenza, tsiku lina adzadzuka miyendo itakana. Anabwerako n'kukhala pakhonde tsiku lonse. M'mawa mwake anakweranso phiri, chifukwa uphungu wa adokotala suphikidwa.

Chinawatsitsa m'phirimo ndi kalabu. Zinali zaka zochepa chiyambireni matipate, nthawi imene aliyense ankayambitsa bungwe, ndipo kwathu kunabadwa kalabu yosamalira nthaka ndi kulima madimba. Anaiyambitsa ndi aKalonga, bambo ofatsa ogwira ntchito mulaibulale ya yunivesite, amene ankabwera kudimba atavala jombo zowala kuposa mbale zathu. Kalabuyo inabwereka malo otsetsereka okhala ndi kasupe kumtunda kwake, n'kugawira anthu mabedi. Anganga analandira anayi. Anabzala mpiru, tomato, anyezi ndi chayinizi, ndipo makomo omwe aja amene ankagulitsako nkhuni anayamba kugulitsako ndiwo. Dengu la masamba silithyola khosi. Ndinawamva akuimba akuthirira, chinthu chimene sindinawamvepo akuchita pansi pa mtolo.

Koma kasupeyo ankachepa chaka ndi chaka. Kumtunda kwake kunali mbee, zitsa zokhazokha, ndipo mbuzi zinkapondaponda pamene madzi amatulukira. Mwini malo, mkulu wina wokhala ku Blantyre, anabwera chilimwe china, nayang'ana kamadzi kamene kankangodontha, n'kunena kuti malo ouma sangawasungire anthu a ndiwo pamene oumba njerwa akuwafuna. Atamudandaulira anatipatsa mpata umodzi. Mvula ya chaka chimenecho ikamagwa, kasupe akhale atatchingidwa ndi waya ndipo kumtunda kukhale kutabzalidwa mitengo. Zikakanika, madimba atha. Kwa ena kunali kutaya ndiwo za pakhomo chabe. Kwa anganga kunali kubwerera kuphiri, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimene adokotala ananena.

Waya, mapaipi achitsulo omangirapo, machubu a mbande ndi wilibala, zonsezo zinkafuna ndalama, ndipo kalabu inalibe. Komiti inakonza bigiwoko, ulendo wapansi wopempha thandizo la ndalama. Tinalemba zikwangwani, tinayenda kuchokera ku Chirunga mpaka kumsika tikugwedeza timbale kwa oyendetsa magalimoto. Tsoka ilo, Loweruka lomwelo kunalinso bigiwoko ya tchalitchi china ndi ya sukulu ina ya pulaimale, mumsewu womwewo. Madalaivala a minibasi za ku Blantyre ankangoliza hutala n'kutilambalala. Mlendo wolemekezeka amene amayenera kutitsogolera anatumiza uthenga wopepesa. Tinabwerako ndi matuza kumapazi.

Pamsonkhano wotsatira, pansi pa mtengo wa mango, aKalonga anati mwina tiyesenso bigiwoko ina yaitali, mpaka kudamu la Mulunguzi. Anganga, amene pamisonkhano ankangokhala kumbuyo akusenda mtedza, anatsokomola.

"Atcheya, ine phiri limenelo ndayenda moyo wanga wonse. Palibe anandipatsapo ndalama chifukwa choyenda ayi."

Anthu anaseka. AKalonga anafunsa mwaulemu kuti nanga iwo akuganiza bwanji.

"Munthu wa kuno ndalama satulutsa akamuimitsa pamsewu. Amatulutsa akamuitana dzina pagulu, nyimbo ikulira, anzake akumuona. Ukaipa dziwa nyimbo. Tiyeni timukwatitse kasupeyu, tichite perekaniperekani."

Ena anati ndi zamasewera, ena anati azibusa atiseka. Koma panalibe amene anali ndi nzeru ina, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri madzulo. Wina anafunsa monyogodola kuti mkwati ndiye akhala ndani, bulugamu kapena? Anganga anapukusa mutu. "Bulugamu ndi mwamuna wakumwa, amamaliza za m'nyumba. Mkuyu ndiye wosunga banja."

Tsikulo linali Loweruka lotentha. Amayi anasesa bwalo pafupi ndi madimba, anamanga chisakasa cha alendo, anaphika thobwa m'migolo iwiri. Pamipando iwiri yakutsogolo anakhazikapo akwati: mtsuko wa madzi a pakasupe atauphimba ndi nsalu yoyera ya patebulo, ndi kambande ka mkuyu m'chubu atakamanga tayi ya aKalonga. Ankhoswe anali aKalonga kuchimuna, anganga kuchikazi. Anabwereka zokuzira mawu ndi batire ya galimoto, ndipo anaitana mkulu wina wodziwika poyendetsa maukwati, wa pakamwa poterera. Mbiri ya ukwati wa mtsuko inali itamveka mpaka kumsika, moti anthu anabwera ambiri, ena kudzangoona misalayo. Aphunzitsi a kuyunivesite ndi akazi awo anakhala m'chisakasa. Kumapeto kwa benchi kunali aMatiki, atavala yunifolomu yawo.

Woyendetsa mwambo anayamba bwino. "Adzuke onse amene anatungapo madzi pano!" Amayi anadzuka, nthungululu zili pakamwa, akuponya makobidi m'beseni. "Adzuke onse amene matewera awo anachapidwa ndi mkwatibwiyu!" Anyamata a ndevu anadzuka akuseka. Anaitana odya mpiru wa m'madimba athu, anaitana akwaya, anaitana ophunzira a m'mahositelo. Fumbi linakwera, thobwa linatsika. Koma ovina ambiri anali ife tomwe osauka, ndipo dzuwa litapendeka beseni linkaonekabe pansi pake. A m'chisakasa anali atadzukapo kamodzi mwaulemu, n'kukhalanso, ndipo ena anayamba kuyang'ana mawotchi. Ndinaona aKalonga akupukuta magalasi awo mobwerezabwereza.

Pamenepo anganga anadzuka pampando wa unkhoswe, anapita kwa woyendetsa mwambo uja n'kumulanda maikolofoni. Anaigwira ndi manja awiri ngati munsi.

"Tsopano adzuke onse amene anadulapo mtengo m'phiri ili."

Nyimbo inkalirabe, koma palibe anadzuka. Maso a anthu anapita kwa aMatiki, kenako pansi. Ndani akanavomera zimenezo pamaso pa mlonda? Amayi amene ndinkawaona tsiku ndi tsiku akutsika ndi mitolo anayamba kukonza mipango yawo, ena kuyamwitsa ana amene sanali kulira.

Anganga anabweza maikolofoni, analowa pakati pa bwalo, n'kuyamba kuvina okha. Khosi lawo silinkatembenuka, ndiye ankavina ndi mapewa ndi chiuno, mapazi akukwekwesa fumbi pang'onopang'ono, akuzungulira mtsuko uja. Anamasula mfundo ya pachitenje, natulutsa ndalama za tomato wa dzulo lake, n'kumaponya imodziimodzi. Ine ndinali nditaima ndi anzanga a kusukulu, omwe aja ankanditcha mdzukulu wa chikwanje. Ndinabisala kumbuyo kwawo. Ndinachita manyazi ndi anganga anga, ndipo ndikunena poyera chifukwa manyazi amenewo amandiwawa mpaka lero.

Sindikudziwa kuti anavina okha nthawi yaitali bwanji. Kwa ine inali ngati chaka. Kenako benchi inalira, aMatiki anaimirira. Ndinaganiza kuti akukawagwira pomwepo. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, anavula chipewa chawo n'kuchipana kukhwapa, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Mayi, mitengo ya denga langa sinamere pakhonde ayi." Anapisa m'thumba, naponya, n'kuyamba kuvina moyang'anizana ndi anganga, nsapato zawo zazikulu zija zikugunda pansi.

Nthungululu imene inalira pamenepo sindinaimvenso kwina. Amayi a mitolo anakhamukira m'bwalo onse nthawi imodzi, ena ana ali kumsana. Anabwera ocheka matabwa, anabwera ootcha makala, anabweranso mkulu wa mpingo wina amene aliyense ankadziwa kumene mabenchi a tchalitchi chake anachokera. Anganga, thukuta lili kamukamu, anakatenganso maikolofoni n'kutembenukira kuchisakasa.

"Inu a pamthunzi, simunadule, ndikudziwa. Koma nkhuni zanga ndikudziwa makomo amene zinkalowa. Ndiyambe kutchula manambala a nyumba?"

Sanafike ngakhale pa nambala yoyamba. Mayi wina wa magalasi, mkazi wa pulofesa, anadzuka akuseka mpaka misozi, chikwama chili chotsegula kale, ndipo anzake anamutsatira. Amuna awo anayesa kukhala, koma akaziwo anawakoka malaya. Ndalama zamapepala zinayamba kugwa ngati masamba, zina pa nsalu ya mkwatibwi, zina pansi, amayi a komiti akutola. Beseni litadzaza anabweretsa lichero. AKalonga, amene sindinkaganiza kuti mafupa awo amadziwa nyimbo, anavina mpaka anaponda m'ngalande, jombo zija n'kusanduka za mlimi weniweni.

Anganga anandipeza kumene ndinabisala. Sanandikalipire. Anandigwira padzanja, anandifumbatitsa khobidi lomaliza la pamfundo paja, n'kunena chapansipansi, "Kaponye, amwali. Nkhunizo nawenso unaothako." Ndinalowa m'bwalo ndikulira, ndipo ndinavina kumbuyo kwawo mpaka batire inatha.

Waya anagulidwa sabata yotsatira. AMatiki ndiwo anatiphunzitsa kudzaza machubu ndi kutola njere za mbawa, ndipo pa zikwanje zitatu zija anabweza chimodzi, akuti zinazo zinasowa ku ofesi. Mvula yoyamba itagwa tinabzala mikuyu, mbawa ndi nyowe kuzungulira kasupe, mkwati uja patsogolo. Mwini malo anabwera, anayenda m'mbali mwa waya manja ali kumbuyo, anagula mpiru kwa anganga, n'kubwerera ku Blantyre. Za njerwa sanazitchulenso. Kasupe sanachire msanga, panapita zaka kuti madzi achuluke, koma madimba anakhala. Anganga sanakwerenso phiri kukasenza.

Patapita zaka ziwiri, Lamulungu lina masana, anandiuza kuti ndiwaluke tsitsi. Anakhala pamphasa, ine pampando, mutu wawo uli pakati pa mawondo anga. Chibadwire changa ndinkadziwa kuti paliwombo pawo panali posalala ngati chikhatho, pamene nkhata ndi mitolo zinapukuta tsitsi lonse, ndipo poluka ndinkangopalambalala. Tsiku limenelo zala zanga zinakhudza kanthu kofewa. Ndinapatula bwinobwino kuti ndione. Panali patamera tsitsi, lalifupi, loyera, lofewa ngati la khanda.

"Anganga, pano pamera!"

"Ndiye usakoke," anatero osatembenuka. "Ndi mbande imeneyo."

Anganga anatisiya kalekale, ndipo mabedi awo anayi ndimalima ndine. Ana a masiku ano amakhala pamthunzi wa mkuyu uja osadziwa kuti unavalapo tayi, ndipo ndikawauza amati ndikunama. Ine ndimanyadira kuti ndine mdzukulu wa mayi amene anavina yekha pamaso pa mlonda. Ndipo Lamulungu lililonse ndikamaluka mwana wanga wamkazi, ndikafika paliwombo, manja anga amafewa okha.