Puleni ya a Christmas ndi Kabati Yopita ku Chileka

Kuseri kwa msika wa Lirangwe, mukadutsa pamene amagulitsa mbuzi, pali chisakasa cha malata akale pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo ndi pamene a Christmas Noah akhala akupala matabwa kuyambira ambirife tisanamere mano. Dzinalo si lachipongwe ayi. Anabadwa tsiku la Khirisimasi ku Madziabango, m'banja la alimi limene makolo ake anachokera ku Mozambique kalekale, ndipo mayi awo sanaone chifukwa chovutikira kufunafuna dzina lina.

Ukalipentala anauphunzira ku Chileka, kwa mmisiri wina wotsimphina dzina lake a Petro. Manja a a Petro atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, anaitana wophunzira wawoyo n'kumupatsa puleni yawo yopalira matabwa. Inali yolemera, yopakidwa penti wobiriwira wokhuthala kuti isasokonekere ndi za amisiri ena.

"Iyi ndi ya ku Mangalande," anatero a Petro. "Uisamale. Masiku ano sakupanganso zoterezi."

A Christmas anaisamaladi, ndipo mawuwo anawasamala kuposa puleniyo. Chaka chilichonse ankawonjezera penti wina pamwamba pa wakale. Atasamukira ku Lirangwe n'kukwatira a Magret, amene amagulitsa tomato pafupi ndi chisakasacho, panalibe munthu wobwera kudzagula mpando amene ankabwerera asanamve za Mangalande. Kwa iwo, dziko lonse lapansi linali m'bokosi la zida. Pamwamba penipeni panali Mangalande. Kenako Jeremani, chifukwa cha pulayala imene inkadula waya ngati ikudula nzimbe yanthete. Kenako Joni, kumene kunachokera hamala imene mlamu wawo anawabweretsera. Za ku China ndi ku India ankati ndi alendo odutsa: kufika m'mawa, madzulo atsanzika.

Munthu amene ankalimbana nawo pa nkhaniyi anali a Japhet, mwini hadiweya ya pamsewu, bambo wamfupi wokonda kuseka. M'shopu mwawo zida zambiri zinali za ku China ndi ku India komweko. Masana alionse, makasitomala akachepa, ankabwera kuchisakasa atanyamula chida chatsopano.

"Madala, taonani tchizulo iyi. Yafika dzulo."

A Christmas ankaitenga monyinyirika, n'kuiyika pa chidutswa cha bulugamu wouma, n'kumenya. Akaitukula, kukamwa kwake kunali kutapindika.

"Achimwene, iyi ndi tchizulo kapena supuni?"

"Imeneyo ndi yotchipa, madala. Ku China ndi ku India kuli makomo awiri. Mukalowera khomo la zotchipa, mutuluka ndi zotchipa. Mukalowera linalo, mutuluka ndi chida choti mdzukulu wanu adzachipeza. Nanga munthu wofuna kukonza khola la nkhuku lokha agulirenji chida cha moyo wonse?"

"Khomo linalo ine sindinalione."

Tsiku lina anavomera kuyesa hamala ya m'shopumo. Atangoikweza kuti akhome msomali, mutu wake unachoka pampini, unauluka n'kukatera m'dengu la tomato wa a Magret. Msika wonse unaseka mpaka ogulitsa mbuzi anabwera kudzafunsa chachitika. A Japhet anatenga tomato wophwanyikayo n'kukaphikira ndiwo kwawo, koma kuyambira pamenepo, akangotsegula pakamwa kuti ayamikire katundu wawo, a Christmas ankangoloza dengulo.

Zinthu zinasintha chaka chimene mwana wawo wamkazi, Tinenenji, anapeza banja. Mnyamatayo anali Chrispin, wa kabaza wa njinga yamoto ku Chileka, amene anali atamanga kale kanyumba kake ka njerwa zootcha. A Christmas analengeza kuti mwana wawo sakalowa m'nyumba yopanda kabati. Anatulutsa matabwa a mbawa amene anawabisa kudenga kwa zaka zambiri, amene anakaniza ngakhale abusa atawapempha.

Asanayambe ntchitoyo anapita ku Chileka kukakambirana za ukwati ndi akuchimuna, ndipo anagonako. Kunoko mvula inagwa yamphamvu, denga la chisakasa linadontha, madzi n'kulowa m'bokosi la zida. A Magret atatsegula, anapeza puleni yayamba dzimbiri, penti atatukusira ngati khungu la munthu wopsa. Anachita mantha. Anatenga mchenga, mandimu ndi palafini, n'kukhala pansi kuikwecha ndi mtima wonse. Penti wa zaka zonsezo anayamba kusupuka, ndipo pansi pake panaoneka zilembo zoumbidwira m'chitsulo momwemo.

A Christmas atatsika minibasi masana, anapeza akazi awo ndi a Japhet atakhala pabenchi, puleni ili pakati pawo ikunyezimira.

"Mayi a Tine, mwaitani puleni yanga?"

"Ndaisambitsa, bambo a Tine. Inanyowa. Koma tavalani magalasi muwerenge apa."

Anavala magalasi. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, anaitembenuzira kudzuwa. Zilembozo sizinasinthe. Puleniyo inapangidwa ku India.

A Japhet anali atatseka pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. A Magret ankayang'ana tomato wawo ngati sanamuonepo. A Christmas anakhala pansi pang'onopang'ono, puleni ili pamiyendo, ndipo kwa kanthawi onse anaganiza kuti akwiya. Kenako kunamveka kaphokoso kochokera m'mimba mwawo, kanakwera, kanaphulika. Anaseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola.

"A Petro inu!" anafuula akuyang'ana kumwamba. "Ndiye kuti ana anga onse aphunzira sukulu ndi India? Nyumba yanga yamangidwa ndi India? Ine n'kumaitukwana tsiku ndi tsiku, iyo ili phee m'manja mwangamu ikundidyetsa!"

"Mwina nawonso anauzidwa choncho," anatero a Magret.

"Madala," anatero a Japhet akupukuta m'maso, "khomo lija mwakhala mukugonamo."

Nkhaniyo a Christmas sanaibise. Anaifalitsa okha, ndipo puleniyo sanaipakenso penti. Koma mtima wawo sunakhazikike. Ngati dzina la dziko linawanamiza zaka zonsezi, zilembo osaziona n'komwe, ndiye kuti chida chabwino munthu angachidziwe bwanji? Sowo yawo yakale inali itatha mano, ndipo mbawa inkadikira. Anauza a Japhet kuti ulendo wotsatira wokaoda katundu ku Limbe apitira limodzi.

Ku Limbe anakhala ngati mwana wofika koyamba m'tauni. Analowa shopu ndi shopu, chidutswa cha bulugamu chili m'thumba la jekete. Sowo iliyonse ankaipinda pang'ono n'kuisiya kuti aone ngati ibwerere mwakale. Hamala ankaiyang'ana polowera mpini. Tchizulo ankaikhudzitsa tupa: tupa ikaluma mosavuta, ankaibweza. Anakana sowo ina yodula kwambiri, ya dzina lachizungu lalitali ndi chithunzi cha chisoti chachifumu, chifukwa ataipinda inakhala chopindika. Imene inawagwira mtima inali ya chogwirira chakuda, yosaoneka bwino, imene inalira ngati belu ataigogoda ndi chala. Atasankha kale m'pamene anatembenuza kuti awerenge.

"China," anatero a Japhet, akuyesetsa kuti asamwetulire.

"Musalankhule, achimwene. Ingonyamulani."

Pobwerera m'minibasi anavomereza zina, zina anakana. Pulayala ya ku Jeremani anati ikhalabe pampando wake, palibe imene anaiona yoyandikira. Hamala ya ku Joni nayonso. Koma tupa za ku India anati n'zabwino kuposa mtengo wake, ndipo anauza a Japhet kuti matchizulo ofewa aja asiye kuoda, chifukwa wosauka akagula chinthu kawiri ndiye kuti wagula modula. A Japhet anamvera theka. Anaoda abwinowo, koma otchipa sanawasiye, ati a khola la nkhuku nawonso ndi anthu.

Kabatiyo inatenga nthawi. Anthu ankapatuka kumsika kudzangoonerera mbawa ikusanduka yofiirira pansi pa puleni. Inali yaitali, ya zitseko zagalasi pamwamba ndi madilowa pansi, ndipo pamphumi pake anagobapo maluwa a mpendadzuwa chifukwa Tinenenji ankawakonda ali wamng'ono.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, anaikweza papikapu, ataikulunga m'mabulangete. A Christmas anafuna kunyamula bokosi la zida koma a Magret anawaletsa.

"Mukupita ngati bambo a mkwatibwi, osati ngati kalipentala. Valani suti."

Ku Chileka anawalandira ndi nthungululu. Amuna anatsitsa kabatiyo mosamala, anaifikitsa pakhonde, ndipo pamenepo inaima. Khomo la Chrispin linali laling'ono. Anaipendeka, inakana. Anaigoneka, inakana. Chrispin anatuluka thukuta, akupepesa apongozi ake mobwerezabwereza ngati walakwira boma.

"Felemu ichoke," anatero a Christmas. Anatembenukira kwa akazi awo. "Mwaona, mayi a Tine? Bambo a mkwatibwi alipo, koma kalipentala mwamusiya ku Lirangwe."

Amalume ake a Chrispin, a Ezra, mlimi wa fodya wamtali wosalankhulalankhula, anapita kwawo n'kubwera ndi hamala ndi chitsulo china chakuda, chokhala ndi zipsera za moto, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa tayala.

"Pepani, tchizuloyi si ya m'shopu," anatero a Ezra. "Anandisulira munthu wina kuseri kwa phiriko, kuchokera ku sipuling'i ya minibasi yakufa."

A Christmas anavula jekete n'kupatsa a Magret. Anayesa kukamwa kwa tchizuloyo ndi chala chachikulu, anaiyika pakati pa felemu ndi khoma, anamenya. Inalowa bwinobwino. Anamenyanso, anatsika nayo mbali yonse, misomali ikutuluka umodziumodzi. Ataitukula, kukamwa kwake kunali kuli chimodzimodzi.

"A Ezra, munthu ameneyu ali moyo?"

"Ali moyo. Mawa abwera ku ukwati."

"Mundikhazike naye pafupi. Ndili naye mawu."

Felemu itachoka, kabati inalowa mosavuta n'kukaima pakhoma loyang'ana pakhomo. A Christmas anabwezeretsa felemuyo, ndipo chitseko chimene kale chinkakhula pansi tsopano chinkatsekeka ndi chala chimodzi. Chrispin anachitsegula n'kuchitseka kangapo, osakhulupirira.

Tinenenji analowa pomaliza, atavala chitenje chatsopano, anzake ali pambuyo. Anaima patsogolo pa kabatiyo. Anasisita maluwa aja, anakoka dilowa, inatuluka mwakachetechete, fungo la mbawa n'kudzaza chipinda chonse. Anatembenuka n'kugwada pamaso pa bambo ake, koma iwo anamudzutsa msanga.

"Dzuka, udetsa chitenje. Ika makapu tione ngati mashelefu ali owongoka."

Anaika makapu, ndipo palibe imene inapendekeka. Panja wina anatsegula wailesi, amayi anayambitsa nyimbo, ndipo a Christmas, malaya atatuluka m'thalauza, fumbi la njerwa lili m'tsitsi, anatuluka n'kulowa m'bwalo. Anavina mpaka a Magret anawakumbutsa kuti ukwati ndi mawa, asunge miyendo.