Kope Lonunkha la Amalume

Kope lija linali lachikuto chofiira, lothimbirira ndi girizi, ndipo linkanunkha chimbudzi. Ndinkadana nalo. Amalume ankalisunga pashelefu m'kanyumba kathu kamalata ku Dukathole, dera lina la ku Joni, pafupi ndi shuga penipeni. Amayi akalipeza ankalinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

Amalume anali mlonda panyumba ya pampu yokankha madzi a zonyansa kuchoka m'dera lathu. Ntchito yawo inali yapageti basi. Koma munthu amene anakonzapo zigayo kumudzi sangamve makina akulira n'kupinda manja. M'mawa uliwonse ankagunditsa sikuludiraiva papampu, chogwirira chili pakhutu, n'kumvetsera. Ankaika chikhatho pamota n'kuwerenga mpaka kutentha kuwagonjetse. Ankawerenganso madontho otayikira pamphindi imodzi. Zonsezo m'kope, tsiku ndi tsiku.

Chaka chimenecho, mvula ili pafupi, manambala anasintha. Chikhatho chimene chinkapirira mpaka makumi awiri chinayamba kuthawa pa zisanu ndi ziwiri. "Pampu iyi ikudwala," ankatero pakudya, amayi n'kuwauza kuti ayambe asamba kaye. Amalume anakaonetsa kapitawo wawo manambalawo. Iye anaseka, nati chimene sichinafe sachikonza, ndipo mlonda aziyang'ana geti.

Pampu inafa pamvula yoyamba. Zonyansa zinatumphuka m'maenje a mumsewu n'kulowa pansi pa chitseko chathu: mapepala, matewera, mphutsi, zonse za anthu osawadziwa. Nsapato zanga zakusukulu zinayandama. Aphunzitsi anandikhazika pawindo, anzanga atatsina mphuno. Mng'ono wanga anatsegula m'mimba sabata yathunthu, maso n'kulowa.

Mabwana atabwera kudzafufuza, amalume anapereka kope lija ndi manja awiri, poganiza kuti liwalankhulira. Mabwanawo analiwerengadi bwinobwino. Kenako anafunsa kuti anawalola ndani kukhudza makina. Tsamba lililonse linasanduka mboni yowatsutsa. Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo kapitawo, wopanda manyazi uja, anatsala.

Amalume atafika kunyumba anabwezera kope lija pafupi ndi shuga. Ine ndinalitola n'kukaliponya m'ngalande, kenako ndinasamba m'manja kawiri. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Lonse, mwananga?"

Ndinavomera monyadira, pokondwa kuti fungo lachoka m'nyumba. Sindinkadziwa kuti ku Joni konse kuja, kope lonunkhalo ndilo linali setifiketi yokhayo yonena kuti amalume sanali mlonda chabe.