Wosagonja ndi Padi ya Alamu

Dzina loti Wosagonja anadzipatsa yekha, poti panalibe wina akanamuganizira zimenezo. Ntchito yake inali yometa anthu m'kachipinda ka galasi long'aluka, mpando umodzi wozungulira ndi benchi ya odikira. Koma ntchito ya pamtima pake inali gemu ya nkhonya ya m'kamakina ka m'manja, ka mabatani anayi osuluka ndi thukuta.

Zaka zisanu ndi chimodzi, osagonjako ngakhale kamodzi. Mdani aliyense wa m'kamakinamo ankabwera, kuima mwaulemu, kulandira zibakera zake n'kugona pansi. Makasitomala ankadikira ndi mutu wometedwa mbali imodzi kuti ngwazi ithane kaye ndi nkhondo. Wodandaula ankauzidwa kuti tsitsi silithawa. Dzina limenelo ndiye chinali chuma chake chonse, moti ukamuitana "ometa" sankatembenuka.

Kenako mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, woyendetsa lole, anagula gemu yaikulu yolumikiza ku TV. Lamlungu masana anamuitana pamodzi ndi mkazi wake. Pabalaza anapeza makasitomala ake atatu atakhala kale pasofa, onse ofuna kuona ndi maso zomwe ankangomva pometedwa.

"Alamu, ndi gemu yanu yomwe ija," anatero mlamuyo pomupatsa padi, chogwirira cha mabatani chosewerera gemuyo. "Kungoti adani a kuno amadya n'kukhuta."

Wosagonja anaitembenuza padiyo uku ndi uku. Mabatani pamaso, mabatani pamwamba, timitengo tiwiri togwedera. Anadina pomwe chala chake chinazolowera chibakera, munthu wake wa pa TV n'kudumpha. Anadinanso, anadumphanso. Mdani anangomudikira kuti atere, n'kumulandira ndi theche la pachibwano.

Choipitsitsa chinali maso. Zaka zonsezi nkhondo yake inkachitikira m'manja, ndiye zinthu zikavuta ankaweramira padi, kuiyandikiza kumaso, kuipendeketsa ngati akuzinda nayo. Ankayang'anitsitsa pulasitiki yakuda pomwe pa TV munthu wake akupunthidwa ngati chiguduli.

"Nkhondo ili uku, a Wosagonja!" anakuwa kasitomala wina, akuloza TV.

Anagonja kasanu ndi kawiri. Koyamba padi inali yoterera. Kachiwiri TV inkachedwa. Kachitatu dzuwa la pawindo. Pofika kachisanu zifukwa zinatha, makasitomala ali gada ndi phwete.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, alamu," anatero mlamuyo. "Kapena gemuyi tikuikireni pa zofewa?"

"Ine pa zofewa? Chiyambireni ine ndimasewera pa zolimba! Funsani mlongo wanuyu!"

Mlongoyo mwadzidzidzi anakumbuka kuti kukhitchini kuli makapu ofunika kutsuka.

Pobwerera kunyumba Wosagonja anayenda kutsogolo, akunyoza magemu a pa TV kuti ndi a anthu aulesi, odalira mabatani ambiri. Koma mumtima zinkamupweteka kwambiri, ndipo mkazi wake ankadziwa. Atafika pamphambano mayiyo anaima.

"Bambo, ndikuuzeni kanthu, koma musakalipe pamsewu. Mukukumbuka sabata yoyamba mutagula kamakina kaja? Munkagonja tsiku lonse. Kudya osadya, kuyankhula osayankhula, mpaka munatema khutu la munthu ndi lezala. Ndiye tsiku lina mukusamba ndinaika kamakinako pa zofewa. Mawa lake munabwera mukuimba."

Wosagonja anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa kamakinako, kudina apa, kudina apo, mpaka anafika pomwe sanafikepo chigulireni. Mawu oti zofewa anali pomwepo, osabisala n'komwe. Manyazi anamugwira. Anayang'ana kumbuyo, kunyumba komwe ankachokera, n'kutsitsa mawu.

"Chabwino, zachitika. Bola zikhale pakati pa ife awiri. Alamu asamve."

Mkazi wake anakonza mpango kumutu, maso ali pansi.

"Bambo, ine za magemu ndimazidziwa? Posinthira anandionetsa ndi achimwene omwewo."